Agogo ali pa warfarin ndipo ayamba makapusozi a curcumin, ndiwayankhe bwanji?

Wafamase, Area 25
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwabwera mayi wina ndi botolo la curcumin, mankhwala ochokera mu chikasu, lomwe mlongo wawo watumiza kuchokera ku Joni. Ndi la amayi awo, agogo a zaka 76, omwe ayamba kuiwalaiwala: amasiya poto pamoto, ndipo Lamulungu anasochera pochokera kutchalitchi. Pabotolopo palembedwa 500 mg, muli ndi piperine wa mu tsabola wakuda. Koma m'buku lawo la kuchipatala ndaona kuti ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa cha vuto la kagundidwe ka mtima. Makapusoziwa ayamba kale kumwa. Mayiyo akungofuna ndiwauze kuti angati patsiku. Ndawauza kuti abwerenso mawa.

Kilinikala ofesa, Kawale
Musadikire mawa, achimwene. Aimbireni lero lomwe kuti asiye. Curcumin ndi warfarin sizimwerana madzi. A Medsafe, bungwe loyang'anira mankhwala ku New Zealand, anachenjeza mu 2018, wodwala wina yemwe INR yake (muyeso wa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane) inali bwinobwino itakwera kupitirira 10 patangopita masabata ochepa chiyambireni mankhwala a chikasu. Funsani ngati agogowo akutuluka magazi m'nkhama, kamfuno, chimbudzi chakuda kapena mabala obiriwira pakhungu. Akayezetse INR mwachangu.

Wafamase, Area 25
Ndamva, ndikuimba pompano. Koma mayiyo ananditsekera pakamwa ndi vidiyo ya pa Facebook yoti curcumin amatsuka ubongo. Ndikangoti "siyani" opanda chifukwa chomveka, akagula kwina.

Wafamase wamkulu, Old Town
Vidiyoyo sinayambire pachabe, n'chifukwa chake imagwira anthu mtima. Mu 2001 ofufuza a ku yunivesite ya UCLA ku America anapatsa curcumin mbewa zomwe zinasinthidwa kuti zizidwala ngati Alzheimer, matenda oiwalitsa, ndipo zinyalala za amyloid mu ubongo mwake zinachepa, kutupa nakonso kunatsika. M'labu amachita zodabwitsa ndithu.

Pa anthu ndiye panavuta. Ku Hong Kong mu 2008 anayesa odwala 34 kwa miyezi 6, ena 1 g ena 4 g patsiku, sipanaoneke kusiyana ndi omwe amamwa makapusozi opanda mankhwala. Ku UCLA komweko mu 2012 anayesa odwala 36 kwa masabata 24, zotsatira zake chimodzimodzi. Kafukufuku yemwe amalonda amakonda kutchula ndi wa 2018: mwa anthu 40, pafupifupi theka anamwa mtundu wa curcumin wotchedwa Theracurmin, 90 mg kawiri patsiku kwa miyezi 18, kukumbukira kwawo kunakwerako. Koma anthuwo analibe dementia, matenda a kuiwala kwakukulu, ndipo 40 ndi ochepa kwambiri kuti tiyambe kulembera odwala.

Chomwe chimalepheretsa n'chakuti curcumin salowa bwino m'magazi. Wambiri amangodutsa m'matumbo, wolowayo chiwindi chimamusintha msanga n'kumutaya. Opanga amaikamo piperine wa mu tsabola wakuda kuti atseke njira yotayirayo. Ku Bangalore mu 1998 anapeza kuti amakweza kulowa kwake ka 20. Apa m'pomwe ine ndimachita mantha, poti piperine yemweyo amasokonezanso momwe chiwindi chimagayira mankhwala ena. Ku Italy mu 2019 anthu anatupa chiwindi ndi makapusozi a mtunduwu. Tiganizirenso odwala athu omwe ali pa mankhwala a TB, chiwindi chawo chili kale pa ntchito yaikulu.

Wa za kadyedwe, Area 18
Akuluakulu, ndiwonjezepo kamodzi. Tisawaopseze mpaka kuchotsa chikasu kukhitchini. Mu ufa wa chikasu curcumin amangokhala pafupifupi 3 pa 100, ndiye kasupuni ka mu mpunga kapena mu nyemba za banja lonse si kofanana ndi kapusozi. Azithira monga mwa masiku onse, osachulutsa. Zomwa ndi madzi otentha m'mamawa zija ndiye ayi, makamaka kwa munthu wa warfarin kapena wa miyala mu ndulu.

Namwino, Likuni
Ine mtima wanga uli pa agogowo. Kodi alipo anawayeza kuti kuiwalako kukuchokera pati? Si kuiwala kulikonse komwe kuli Alzheimer. Munthu wa vuto la mtima ngati limeneli amatha kukhala ndi tisitiroko ting'onoting'ono tosadziwika. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro, chindoko chakale, HIV, shuga, ngakhale kukhumudwa, zonsezi zimaiwalitsa, ndipo zina zimachizika. Apite nawo ku Kamuzu Central akawaunike bwino, BP aziyeza pafupipafupi.

Chinanso, banjalo limve kuchokera kwa ife kuti amenewa ndi matenda. Tonse tikudziwa zomwe zimachitikira agogo akapezeka pakhomo pa eni ake usiku atasokonezeka mutu: anthu sachedwa kunena za ufiti. Aziwasokerera kansalu ka nambala ya foni pa zovala, ndipo anansi awo auzidwe.

Wafamase wamkulu, Old Town
Asisi anena zoona. Ndipo achimwene, polankhula ndi mayiyo musanyoze mlongo wawoyo. Anagula ndi chikondi, ndalama zake zomwe. Auzeni kuti mankhwalawa akulimbana ndi a mtima aja, ndipo ngati akufuna kuthandiza, alipire zoyezetsa ndi thiransipoti.

Wafamase, Area 25
Ndawapeza pafoni. Akuti m'mawa uno agogo potsuka mkamwa analavula magazi pang'ono, iwo amaganiza kuti ndi mswachi. Ndawauza kuti asiye makapusoziwo ndipo apite kuchipatala madzulo ano, atenge botolo ndi buku lija kuti adokotala aone okha zomwe akhala akumwa. Za warfarin wa lero akamve komweko INR ikatuluka. Achimwene a ku Kawale, nditumizireni ku inbox mndandanda wa zoyezetsa zija ndiwalembere pakapepala.