Za bwalo la basketball pokumbukira malemu aProfesa

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse. Paja Loweruka ku Area 25 tinabalalika tisanagwirizane, nde ndati timalizire pano. Ndalama tinasonkha pokumbukira malemu aProfesa zikadali kwa msungichuma, ndipo amfumu atipatsa kale malo aja kuseri kwa tchalitchi kwathu ku Nathenje. Maganizo alipo atatu, bwalo la basketball, kanyumba ka mabuku, kapena mjigo. Tilankhule mwaulemu chonde.

Mayi a ku Kawale: Ine ndisabise, mjigo basi. Ndinali kumudzi mu Okutobala, azimayi akumadzuka 4 koloko kukandanda ndi zigubu, kubwerako dzuwa lili pamutu. AProfesa anandilipirira fizi bambo anga atatisiya, sindingawaiwale, koma mwana waludzu angathamange bwanji pa simenti?

Mphunzitsi wa ku Mchesi: Achemwali ndakumvani ndipo simukunama. Koma ndiloleni ndifotokoze pang'ono chifukwa ena mwalowa gululi simunawaone bambo aja ali ndi mphamvu. Akatsekera sukulu ku Zomba komwe ankaphunzitsa litirecha amabwera kumudzi, m'mawa ali ku Misa ya 6 koloko, masana ali nafe pa fumbi paja, korona ndi wezulo m'thumba limodzi. Ringi yathu yoyamba inali limu ya njinga atachotsa masipoko nkukhomera pa bulugamu. Lamulo lawo linali limodzi, usanagwire mpira ufotokoze kaye zomwe wawerenga dzulo, ngakhale tsamba limodzi, ukalephera ukhala pa benchi ndi buku m'manja anzako akusewera. Ine ndinayamba kuwerenga chifukwa chofuna mpira, lero ndikuphunzitsa ana a anthu. Ndiye mukandifunsa chowakumbukira ine ndinena bwalo.

Achimwene a ku Biwi: Zoona zimenezo. Ine si Mkatolika, ndine wa CCAP, tinalinso ndi anyamata awiri achisilamu mu timu muja ndipo sanatikakamizepo kulowa tchalitchi. Belu la Angelus likalira amaimitsa masewera, iwo nkupemphera, ife nkungoima chete, akamaliza wezulo yalira tapitiriza.

Mayi a ku Kawale: Nanga atsikana? Bwaloli likamangidwa lidzakhala la anyamata okhaokha, ana athu aakazi adzidzangoonerera ali ndi ndowa pamutu.

Amalume a ku Likuni: Ana inu mukukamba za mpira koma munthu uja anali wa mabuku choyamba. Kalata ya maepiskopi achikatolika yodzudzula boma ija itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, anthu ankaotcha kapena kuponya m'chimbudzi chifukwa cha mantha. Iwo anasunga yawo, usiku wina anatiitana atatu kunyumba, koloboyi ali patebulo, nkumatiwerengera ndime ndi ndime monga amachitira ndi ndakatulo, kutifunsa kuti mawu awa akutanthauza chiyani, nanga asankhiranji mawu amenewa osati ena. Ndimanjenjemera tsiku limenelo koma sindinaiwale. Amatitumanso kwa agogo kukamvera nthano nkuzilemba m'Chichewa, amati chilankhulo chosalembedwa chimapita kumanda ndi eni ake. Mabuku awo ali m'makatoni kwa mkazi wawo, chiswe chayamba kale. Kodi tidikire chimalize?

Injiniya wa ku Area 49: Ndiikepo za miyezo kuti tizikangana tikudziwa chomwe tikugula. Bwalo lonse la basketball ndi mamita 28 kutalika, 15 m'lifupi, nde ndi masikweya mita 420. Konkireti ya masentimita 10 pamenepo ndi makiyubiki mita 42, osawerengera m'mbali mothamangiramo. Simenti, kwale, mchenga, thiransipoti, ndalama tili nazozi sizifikako olo pang'ono. Koma pali basketball ya atatu atatu, 3x3, yomwe inalowa mu Olympics ku Tokyo, bwalo lake ndi 15 kwa 11 ndipo ringi ndi imodzi. Ndi masikweya mita 165 okha. Imeneyo tikhoza kuyesa, mchenga anyamata akumudzi atuta okha.

Mtsikana wa ku Chilinde: Pepani akuluakulu ndilowererepo. Zoti basketball ndi ya anyamata ayi ndithu, pitani ku Don Bosco ku Area 23 madzulo mukaone atsikana mmene akuponyera. Komanso ringi ya netball ndi ya basketball kutalika nkofanana, mamita 3.05, nde mbali inayo tikhoza kuimika pholo ya netball yozula atsikana azikaphunzirira kuchinya ngati ma Queens. Ine ndili wokonzeka kumapita Loweruka lililonse kukaphunzitsa, minibasi ya ku Nathenje ndidzilipirira ndekha.

Mayi a ku Kawale: Mwanawe wandikhudza mtima. Komabe za madzi musazitaye, ndikukupemphani.

Msungichuma: Sitikutaya mayi. Mjigo ndi chitukuko choti tikhoza kupempha ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera la mfumu yaikulu (ADC), makalata alembedwe amfumu asayine. Koma bwalo ndi mabuku a munthu mmodzi palibe adzatichitire, ndi ifeyo. Nkhawa yanga ndi ina, tinamangapo kale chimbudzi pa msika paja patangotha chaka chitseko chinapita. Adzasamale ndani? Bolodi ikathyoka, mpira ukaphulika, tidzayambanso kusonkha?

Achimwene a ku Biwi: Funso labwino. Pakhale komiti ya kumudzi komweko, osati ife a mtauni kulamula pa foni.

Mphunzitsi wa ku Mchesi: Ndayankhula ndi akatekisiti, akuti achinyamata a m'miphakati angatenge udindo wosesa ndi kusunga mipira, ndipo pali kachipinda kosungiramo mabenchi akale komwe kangakhale ka mabuku ngati bambo mfumu ndi khonsolo ya tchalitchi avomera. Tingoika mashelefu, loko ndi mankhwala a chiswe. Makiyi a mpira akhale m'chipinda cha mabuku momwemo, wofuna mpira adutse kaye pa buku monga zinalili kale.

Amalume a ku Likuni: Zikatero ine ndavomera, bola mabuku asamuke mvula isanayambe, denga la kwa amayi aja likudontha. Ndipo tisachite kanthu tisanakawagwadire eni ake, katunduyo ndi wa banja.

Mayi a ku Kawale: Kalata ya mjigo ndilemba ndine, koma ndikufuna anthu awiri ondiperekeza kwa akhansala, ndisapite ndekha.

Wapampando: Ine ndipita nanu. Ainjiniya titumizireni mtengo wa 15 kwa 11 pofika Lachisanu, matumba a simenti angati, kwale matani angati. Amalume, Lamulungu ikatha Misa yoyamba tinyamukire limodzi kwa amayi, ndani ali ndi galimoto yoti makatoni angakwanemo akatilola?

Achimwene a ku Biwi: Yanga ilipo, mafuta tigawana.