Chimanimani, kufika pa Binga tsiku limodzi zikwama zili kumsana, zotheka?

Chiso_Mufakose:
Moni nonse abale. Funso langa likupita kwa amene munakwerako mapiri a Chimanimani kuno ku Zimbabwe. Ine ndi anzanga a kutchalitchi kuno ku Mufakose mu Harare tapangana zopita pa holide ya Heroes mu Ogasiti, ndiye pulani yathu ndi yoti tinyamuke pa base camp mbandakucha, tikwere mpaka pansonga ya phiri la Binga kenako titsike kukagona pa kanyumba ka okwera mapiri kapamwamba kaja tsiku lomwelo. Wina akuti bola miyendo zitheka, wina akuti tikufuna kukasiya mafupa kumeneko. Komanso za chakudya, tinyamule ufa ndi poto kapena? Ine kugona osadya nsima zimandivuta kwambiri.

aMbewe_Highfield:
Mphwanga, pulani imeneyo isintheni. Binga ndi mamita 2,436, ali pamalire penipeni a Zimbabwe ndi Mozambique ndipo ndiye phiri lalitali kuposa onse a ku Mozambique, si kaphiri ka Domboshava komwe mumakwera Loweruka masana nkubwerako dzuwa lisanalowe ayi. Njira yachidule yochoka pa base camp ya Mutekeswane ndi ya Bailey's Folly, imeneyo yokha imadya maola awiri kapena atatu ndipo ndi chitunda chokhachokha, miyala, penapake mumachita kugwira ndi manja, ndiye ukafika pamwamba maondo amakhala akunjenjemera kale chikwama chikukukokera mmbuyo. Kuchoka pa kanyumba kuja kupita pansonga ndi kubwerera ndi ulendo wa tsiku pawokha. Mukaphatikiza zonsezi mdima ukupezani mukutsika mmiyala, ndipo anthu amathyoka miyendo potsika osati pokwera.

Tsiku loyamba kwerani bwinobwino, mukafike masana, musiye katundu, mukasambe mu mtsinje wa Bundi ngati mulimba mtima chifukwa madzi ake ndi ozizira koopsa. Chigwa cha Bundi chimenecho ndi chokongola zedi, udzu wokhawokha, miyala yotuwa uku ndi uku, phokoso la maminibasi kulibiretu, ndipo zingandiwawe kumva kuti mwachidutsa mothamanga. Mmawa mwake mupite ku Binga ndi kachikwama kakang'ono, madzi, jekete ndi tochi basi. Ndipo lembetsani maina kwa a ZimParks, oyang'anira paki, pa geti, muwauze tsiku lotsika, mutengenso munthu wodziwa njira. Nkhungu ikagwa kumeneko suona ngakhale mnzako amene ali patsogolo pako.

Nachisale_Dzivarasekwa:
Achimwene mverani zomwe anena a Mbewe. Ine ndingowonjezera za kuzizira, Ogasiti usiku kumtunda kuja si masewera, bulangete limodzi lakunyumba silikwana, bwerekani sleeping bag, chipewa chaubweya ndi masokosi ogonera amene simunayendere masana. Nsapato zatsopano ayi chonde, matuza akutulukani musanafike ndi pakati pomwe, valani zomwe phazi linazolowera kale. Za ufa ine ndikuti usiyeni, tengani mtedza wokazinga, maputi (chimanga chokazinga), buledi, chiponde, mpunga pang'ono ndi tiyi. Nkhuni kumtunda ndi zosowa komanso nthawi imeneyo udzu umakhala wouma gwa, moto ukangothawa mwawotcha phiri lonse, ndiye ka sitovu ka gasi nkofunika. Zinyalala zanu mutsike nazo, zimandipweteka mtima kuona mapepala a masiwiti ndi zitini malo ngati amenewo.

Wakwathu_ku_Likhubula:
Achemwali pa ufa pokha ndikana. Ife kwathu ku Mulanje anyamata onyamula katundu amakwera mpaka ku kanyumba ka Chisepo, pansi pa nsonga ya Sapitwa pomwe, ija ya mamita 3,002, ndipo madzulo nsima imaphikidwa ndithu ndi usipa, mmawa munthu amadzuka ali ndi mphamvu. Ufa wa masiku awiri sulemera, cholemera ndi zitini, mabotolo a zakumwa ndi zovala zosinthira zimene simuvala nkomwe. Poto mmodzi gulu lonse, mthiko umodzi, mugawane katunduyo mofanana. Koma kusiyana kwake nkoti ku Mulanje mmanyumba muja mumapeza mlonda ndi nkhuni, ku Chimanimani muziwerengera kuti zonse ndi zanu, ndiye gasi akhale wokwanira chifukwa nsima imadya moto.

Chinanso musaiwale kuti Cyclone Idai ya mu Malichi 2019 inagumula mapiri ndi misewu dera lonse lija, ndiye zomwe anakuuzani munthu amene anapita kale isanachitike mufunsenso mukafika mtauni ya Chimanimani. Mukakumana ndi okumba golide mnjira apatseni moni mwaulemu muzipita, osawajambula.

Chiso_Mufakose:
Zikomo kwambiri akuluakulu, tagwirizana kuti tigona pa kanyumba tsiku loyamba, ufa tinyamula koma wochepa. Nanga mayendedwe, tikanyamuka pa depoti ya mabasi ku Mbare mu Harare mmawa tingayambe kukwera tsiku lomwelo?

aMbewe_Highfield:
Ayi mphwanga, tsiku limenelo ndi la msewu. Harare mpaka Mutare ndi makilomita opitirira 260, kenako ena pafupifupi 150 okhotakhota kukafika Chimanimani, ndipo kuchoka mtauni kupita pa base camp mufunikanso galimoto ina. Kagoneni mmunsi mwa phiri, madola a pa geti akhale mthumba osadalira foni, mukwere kukacha.