Mbuna zanga zikupuma movutika, ndizisintha madzi ochuluka bwanji?

Abale anga amene mumaweta nsomba m'nyumba, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala pa Dedza boma. Masabata awiri apitawo ndinagula thanki yagalasi ya malita 120, ndinaikamo mchenga, miyala ndi fyuluta yosefa madzi, tsiku lachitatu n'kuikamo mbuna 6. Ndazindikira mochedwa kuti ndinapupuluma, chifukwa thanki yatsopano imafuna masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya osandutsa ammonia, poizoni wochokera m'ndowe za nsomba, kukhala poizoni wina wotchedwa nitrite, kenako nitrate amene saopsa kwambiri, achulukane mufyuluta.

Dzulo m'mawa ndinapeza imodzi, yachikasu ija, ili gada pamchenga. Zotsalazo zikungokhala pamwamba, kukamwa yasa, ndipo madzi achita mbuu ngati mwadonthera mkaka. Mwana wanga wamkazi amene amazidyetsa anakana ndi nsima yomwe. Zandipweteka kwambiri.

Ndiye ndizichotsa madzi ochuluka bwanji, kangati? Ena akuti kota tsiku lililonse, ena theka. Loweruka ndinatsuka siponji ya fyuluta pampopi, kodi chlorine sanaphe mabakiteriya ochepa amene anayamba kuswana? Nanga madzi a pampopiwo akagona m'chidebe usiku wonse akwanira kuti chlorine achoke, kapena ndizitunga pamjigo?

Chinanso ndi kuzizira kwa kunoku. Mu June madzi akagona panja amakhala ngati a mufiriji, pomwe mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 27. Mumawafunditsa bwanji musanathire, makamaka magetsi akazima, hita ndi fyuluta zonse zii? Chakudya ndayamba ndasiya kuzipatsa kuyambira dzulo.