Thandizeni: ndikufuna kujambula mlalang'amba pamwamba pa chigafa cha kwathu ku Santhe

Mwini funso:
Moni nonse pagulu pano. Alipo anajambulapo nyenyezi usiku n'kutuluka bwino? Ndili ku Kasungu, mbali ya ku Santhe. Kamera yanga ndi Canon 1200D, lens yake ndi ya 18-55mm yobwera nayo ija. Masana ndimajambula nayo zinkhoswe ndi maukwati popanda vuto, koma za usiku ndangoziyamba kumene.

Kumudzi kwathu kulibe magetsi, ndiye mwezi ukakhala mumdima mlalang'amba umaoneka bwinobwino ndi maso. Chimene ndikufuna ndi chithunzi chimodzi chokha: chigafa cha fodya cha bambo anga pansi, nkhokwe pambali, mlalang'amba pamwamba. Bambo akusiya fodya, chaka chamawa alima soya, ndipo chigafacho chigwetsedwa. Ndikufuna ndichijambule chisanagwe, moti anthu akachiona azindikire kuti kuno ndi kwathu, osati za ku Namibia zomwe timangoziona pa Facebook.

Vuto ndi ili. Ndikaika shutter (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) pa masekondi 30, nyenyezi zikutuluka ngati timizere, nthawi zina zofufuma. Chigafa chikungoti bii. Ndikati ndiwalitse chithunzicho pafoni, thambo likusanduka lofiirira ndipo likudzaza timadontho. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija, ndilibe, ndalama ya lens yatsopano ndilibenso. Laputopu yakale ya Windows ilipo. Ndiyambire pati?

Wojambula wa ku Lilongwe:
Mphwanga, kamera imeneyo ikwanitsa, musagule kanthu. Timizere tikubwera chifukwa dziko likuzungulira, ndipo masekondi 30 ndi ambiri pa lens yanuyo. Pali kawerengedwe kosavuta: chulukitsani 18 wa lens yanuyo ndi 1.6, chifukwa sensa ya Canon yanu ndi yaing'ono, kenako mugawe 500 ndi yankholo. Mupeza masekondi 17. Ine ndimachepetsako, ndimaika 13 kapena 15. Ikani kamera pa M (pamene mumasankha zonse nokha), lens pa 18mm, kabowo kolowera kuwala pa f/3.5, ISO (kukweza kuwala kwa chithunzi mu kamera) pa 3200. Zimitsani stabilizer ngati lens ili nayo.

Kufufumako ndi nkhani ina, ndi focus. Mumdima autofocus imangosakasaka osapeza kanthu. Sinthani kabatani ka pa lens kapite pa MF (focus yapamanja), yatsani Live View (kuonera pa sikirini ya kamera), lozani nyenyezi yowala kwambiri, kulitsani ka 10, ndiye muzipotoza mphete ya focus pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kochepetsetsa. Mukapeza, matani kaselotepi kuti isasunthe. Lens ya 18-55 ndi yolobodoka kutsogolo, kungoikhudza basi focus yathawa. Ndipo muzijambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, osati JPEG. Zofiirira zanuzo theka lake likuchokera pamenepo.

Mwini funso:
Zikomo akulu. Koma ISO 3200 sichulukitsa timadontho tomwe tikundivutitsa kale? Ine ndimaopa kupitirira 800.

Wojambula wa ku Lilongwe:
Timadontho timachuluka pamene kuwala kolowa mu kamera kwachepa. Mukajambula pa 800 chithunzi chimatuluka chakuda, ndiye mumachikoka pafoni, n'chimodzimodzi kukweza ISO koma moipirapo, makamaka pa makamera akale a Canon ngati amenewo. Kwezani ISO mu kamera momwemo.

Mphunzitsi wa jogalafe, Mchinji:
Achimwene, za mabatani akuuzani, ine ndinene za nthawi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Ife tili pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator. Pakati pa mlalang'amba, pamene pali powala kwambiri pokhala ndi mizere yakuda paja, pamadutsa pafupifupi paliwombo pathu. Anzathu a ku Ulaya amangopaonera m'munsi. Ndi mwayi, koma kwa inu amene mukufuna chigafa chilowe m'chithunzi ndi vutonso, chifukwa pakakwera pamwamba lens ya 18mm singatenge thambolo ndi chigafa nthawi imodzi.

Ndiye mujambule pakungotuluka kumene. Mwezi uno wa Meyi pamatulukira kum'mawa chakummwera cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo 9 mpaka 10 koloko pamakhala pakwera mokwanira. Mu Juni kukangoda bwino pamakhala pali kale pamalo abwino. Pofika Julayi pamakwera msanga. Mwayi wina ndi Seputembala ndi Okutobala pamene pakukalowa kumadzulo, koma inu mukudziwa mmene kumakhalira nthawi imeneyo: anthu atentha tchire, fumbi ndi utsi zili ponseponse, nyenyezi za m'munsi sizioneka. Musadikire. Imani kumadzulo kwa chigafa muyang'ane kum'mawa, kamera muiimike choongoka. Ikani pafoni Stellarium, pulogalamu yoonetsa pamene nyenyezi zili, yaulere ilipo, ikuonetsani zonsezi ndi tsiku limene mwezi udzakhale mumdima. Mukayang'ana kummwera muonanso nyenyezi za mtanda zija, Southern Cross, miyezi ino madzulo zili pamwamba.

Mayi wa ku Chulu:
Mwananga, za makamera sindizidziwa, koma mverani izi. Musanatuluke usiku ndi chipangizo chothwanima, kauzeni a mfumu masana, ndi oyandikana nawo nyumba adziwe. Mphekesera za anamapopa zija zinavulazitsa anthu osalakwa. Tengani mbale wanu mmodzi. Ndipo kufupi ndi manda kapena kudambwe musayandikireko ndi kamera, ngakhale mitengo ya kumeneko ikhale yokongola bwanji. Kwathu kuno si malo oseweretsa.

Mwini funso:
Ndamva mayi, ndichita zimenezo. Chigafa chili pakhomo pomwepo ndipo manda ali kutali.

Wokonza makompyuta, Kasungu boma:
Za tripod: dzazani soya kapena mchenga m'kathumba, muike pa mpando kapena pa mtondo wovundikira, kamera muikhazike pamenepo. Ikani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze. Kuimika kamera choongoka pa kathumba n'kovutirapo, koma mukaitsamiritsa pa kathumba kachiwiri zimatheka.

Za timadontho, mankhwala ake enieni ali pa laputopu yanuyo. Pali pulogalamu yaulere ya Windows yotchedwa Sequator. Mumajambula zithunzi 16 motsatizana osasuntha kamera, kenako zina zisanu mutatseka lens ndi chivindikiro chake, pa shutter ndi ISO yomweyo. Pulogalamuyo imasanjikiza nyenyezi zonse pamodzi. Timadontho timagwa pamalo osiyanasiyana pa chithunzi chilichonse, pamene nyenyezi zimabwerera pomwepo, ndiye mukaphatikiza 16 timadontho timachepa kanayi. Musaiwale kusankha Freeze ground n'kupaka mbali ya thambo ndi mouse, apo ayi chigafa chituluka chosisitika.

Ikamaliza imakupatsani fayilo ya TIFF. Itsegulireni mu darktable kapena RawTherapee, zonse n'zaulere. Yambani ndi white balance, yokonzera mtundu wa kuwala, muike cha m'ma 4000K, thambo lisakhale lofiirira komanso lisakhale la buluu wonyanyira. Kenako contrast pang'ono ndi curve, kamzere kosinthira powala ndi pakuda. Saturation, yokolezera mitundu, muigwire mosamala. Ndaona ambiri akuikoka mpaka mlalang'amba kukhala wa pepo ngati chitenje, munthu wakumudzi amene amauona tsiku lililonse sangauzindikire.

Wojambula maukwati, Mzuzu:
Chigafa chakudacho n'chosavuta, ingowalitsani ndi tochi pamene shutter ili yotseguka.

Wojambula wa ku Lilongwe:
Apa ndikutsutsani pang'ono achimwene. Tochi za LED zathuzi pa ISO 3200 zimayeretsa udzu wa denga mbuu, ndipo chithunzi chimaoneka chopanga. Ngati n'kuwalitsa, aphimbe tochiyo ndi nsalu, aime pambali patali osati kumbuyo kwa kamera, aunike sekondi imodzi yokha. Koma ine ndikanakhala iye ndikanaika nyali ya koloboyi kapena kandulo m'botolo pansi kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi udzu ndi fodya, wina akuiyang'anira. Kuwala kwake n'kofunda, kumagwirizana ndi mitengo ya chigafa. Njira ina ndi kujambula chigafa pachokha pa Bulb (pamene shutter imakhala yotseguka mpaka mutaitseka nokha), mphindi ziwiri kapena zitatu ndi kuwala kwa nyenyezi kokha, n'kudzaphatikiza pokonza, koma pamenepo pafunika remote.

Wojambula maukwati, Mzuzu:
Moto pafupi ndi chigafa ine ayi ndithu, bambo ake sangalole. Tochi ya foni ataikulunga ndi pepala la khaki imatulutsa mtundu womwewo.

Mwini funso:
Moto ayi, fodya wina akadali mkatimo. Ndiyesa pepala la khaki. Funso lina: mnzanga akuti tipite ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, kuti nyenyezi zikaoneke m'madzi a damu. N'zotheka?

Mayi wa ku Chulu:
Ife tili m'malire mwa paki, njovu timazidziwa. Mu 2022 anabweretsa zina zoposa 250 kuchokera ku Liwonde, ndipo padamu paja pali mvuu zomwe zimatuluka usiku kukadya. Mukapita, kambiranani ndi oyang'anira nyama masana ndipo mujambule pamene iwo akuuzani.

Mphunzitsi wa jogalafe, Mchinji:
Chinanso cha Juni: mame. Lens imachita nthunzi usiku ukamapita, inu n'kumaganiza kuti focus yasokonekera. Muziyang'ana galasi pakapita mphindi zingapo, ndipo batire yachiwiri muisunge m'thumba la jekete chifukwa kuzizira kumaimaliza msanga.

Mwini funso:
Batire ndili nayo imodzi yokha. Ikwana zithunzi 16 zija ndi zisanu zotseka?

Wokonza makompyuta, Kasungu boma:
Ikwana bwinobwino, zonsezo ndi mphindi zosakwana 10. Chimadya batire ndi Live View, ndiye mukamaliza focus muizimitse. Zimitsaninso Long exposure noise reduction mu menu, chifukwa imadikiritsa kamera masekondi ena 15 pa chithunzi chilichonse ndipo ntchito yake ndi yomwe zithunzi zotseka zija zigwire. Fayilo ya TIFF ikatuluka muiponye pano isanakonzedwe, tidzaone curve limodzi.