Kusintha malamulo a anthu obwera ku America: tiyambire pati?

Funso: Gulu la m'dera likafuna kuti Congress (nyumba ya malamulo ya America) isinthe malamulowa, liyambire pati?

Yankho: Yambani ndi phungu wanu wa ku House, limodzi mwa magawo awiri a Congress (lina ndi Senate). Pemphani msonkhano ku ofesi yake ya kudera, mupiteko anthu asanu amene mumavota komweko, pempho likhale limodzi, nambala ya bilo ili m'manja. Makalata ongokoperana amangowaunjika pamodzi, sawalabadira kwenikweni.

Yankho: Kumbukirani 2013. Bilo ya S.744, yosintha malamulo a anthu obwera ku America, inadutsa ku Senate ndi mavoti 68 kwa 32, House osaivotera n'komwe. Komanso kuthetsa filibuster (njira yochedwetsera kuvotera bilo ku Senate) kumafuna mavoti 60, ndiye nyengererani zipani zonse ziwiri, Democratic ndi Republican.

Yankho: Chonde, opanda mapepala musawaonetse pa Facebook asanaonane ndi loya. Ngakhale DACA ya 2012, ndondomeko yoteteza ena amene anabwera ku America ali ana kuti asathamangitsidwe, sipereka unzika.