Mwana wanga wa zaka 14 wayamba kudzola mafuta opewa makwinya, ndimuuze chani?

Azimayi anzanga ndithandizeni maganizo chonde, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndili ndi zaka 43, ndinabwera ku Leeds mu 2022 pa ntchito yosamalira okalamba ndipo mwana wanga wamkazi ndili naye konkuno. Lamlungu lapitali ndikukonza kuchipinda kwake ndinapeza kabotolo ka retinol katabisidwa mu nsapato ya sukulu, kugula ndi ndalama ya lanchi ija eti. Nditamufunsa akuti mami makwinya umayamba kuwapewa udakali wamng'ono, anzanga mkalasi akudzola. Masaya auma mpaka khungu likusupuka poti mankhwalawa ndi amphamvu, si a ana.

Ndinakalipa zedi. Iye anangondiyang'ana nkuti "nanga inuyo mumadayiranji imvi mwezi uliwonse?" Mkamwa munauma.

Chifukwa ndi zoona, kumudzi imvi sindinkaziwerengera, mantha ndawatengera kuno. Kuntchito kuli mayi ena a zaka 89, ana awo akamabwera salola kutuluka mchipinda tisanawapake lipisitiki ndi kuwapesa bwinobwino, manja akunjenjemera koma kagalasi sakasiya. Tsiku lina ndinawauza mwachikondi kuti kwathu tikanamakuitanani agogo, ndi ulemu waukulu, nkhope inagwa sanandilankhulenso shifiti yonse. Kuno kufunsa mzimayi zaka zake ndi mwano. Bambo akamera imvi amati wakhwima akuoneka bwino, mayi akamera amati wadzitaya. Anzanga awiri a pantchito amabayitsa Botox pachipumi, jekeseni wake amagwira minofu kuti isamakwinyike koma pakatha miyezi itatu kapena inayi mphamvu yatha abwerezenso, mapaundi omwe timavutikira usiku wonse tikunyamula anthu aja. Mpaka mu 2021 ku England anachita kuika lamulo loletsa kubaya Botox ana osakwana zaka 18, ndiye mungaone pomwe zinafika.

Ndikaganiza za amayi anga ku Ntcheu mtima umandipweteka. Mutu uli mbuu pansi pa duku, ndi anankungwi, banja likagwedezeka anthu amathamangira kwa iwo, pamaliro akayankhula onse zii. Sindinawamvepo akudandaula makwinya ngakhale kamodzi. Sikuti kwathu zonse zili bwino ayi, agogo ena amanamiziridwa ufiti chifukwa chongokalamba basi, ndipo mafuta oyeretsa khungu tawaona akuononga asisi athu ambiri, koma zoti mtsikana wongotha msinkhu aziopa kukalamba ine sindinaziwonepo.

Ndiye funso langa, makamaka inu amene mukulera atsikana kunja kuno, mumawalankhula bwanji osakangana? Ndimulande foni kodi? Ndikuopa kuti azingoonera pa ya anzake. Ndimutumize kwa agogo ake holide ikubwerayi akaone azimayi okalamba omwe sadzibisa, kapena mwezi umodzi sungasinthe kanthu? Ndipo alipo mwa inu anasiya kudaya ali ku Ulaya kuno, kuntchito anakulandirani bwanji?

Kabotolo ndinamulanda kali mchikwama changa, kuyambira Lamlungu tikungopatsana moni basi. Loweruka kuli ukwati wa Amalawi anzathu ku Manchester tikupita limodzi, imvi zayamba kale kuonekera pamphumi apa ndipo dayi wanga ali kubafa, ndikudziwa mwanayu akundiyang'ana kuti aone ngati nditsegule.