Kholo lokalamba likukhala lokha: woyang'anira chisamaliro amagwira ntchito yanji kwenikweni?

Mwanawachisamba walemba:

Moni nonse. Funso langa likukhudza mayi a zaka 81 amene akukhala okha, ana awo onse ali kutali ndi ntchito. Amayenda okha, amadziphikira, koma ali ndi BP ndi shuga, amamwa mankhwala a mitundu 6, ndipo agwa kawiri m'miyezi inayi yapitayi. Zosamuka akukanitsitsa. Banja lalangizidwa kuti lilembe katswiri woyang'anira chisamaliro, amene ena amati care manager. Kodi munthu ameneyu amasiyana bwanji ndi wosamalira odwala wamba? Akabwera koyamba ayenera kuona chiyani? Nanga banja lingadziwe bwanji kuti zimene likulipira zikugwira ntchito? Amene mukuidziwa ntchitoyi tithandizeni.

NamwinoWaOkalamba wayankha:

A Mwanawachisamba, yambani ndi kuwasiyanitsa anthu awiriwa, chifukwa mabanja ambiri amasokonezeka pomwepa. Wosamalira ndi amene amagwira ndi manja: kusambitsa, kuphika, kuchapa, kuperekeza kuchimbudzi. Woyang'anira chisamaliro nthawi zambiri amakhala namwino kapena wophunzira za chisamaliro cha anthu, ndipo iye sasambitsa munthu. Ntchito yake ndi kuunika mmene mayi alili, kulemba ndondomeko, kupeza osamalira ndi kuwalondola, kuperekeza mayi kwa dokotala n'kumva yekha zimene zanenedwa, kenako kupereka lipoti kwa ana.

Ulendo woyamba uchitikire m'nyumba mwa mayi momwemo, osati pafoni, ndipo umatenga pafupifupi maola awiri. Pali ntchito 6 za pathupi zimene ayenera kuziona: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi kapena pampando, kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Palinso ntchito 8 zoyendetsera moyo: kuimba foni, kukagula zinthu, kuphika, kukonza m'nyumba, kuchapa, kuyenda ulendo, kumwa mankhwala, ndi kusamala ndalama. Zimene zimayamba kuvuta ndi za gulu lachiwirili, makamaka mankhwala ndi ndalama, pamene munthu akuonekabe wamphamvu. Katswiri wabwino safunsa kuti "mumatha?" ayi. Amati "tandionetsani". Okalamba ambiri amayankha kuti ali bwinobwino poopa kusamutsidwa, ndipo mantha amenewo ndi omveka.

Popeza agwa kawiri, mayeso awiri asalephereke. Oyamba: akhale pampando, adzuke, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, ngozi yogwanso ndi yaikulu. Achiwiri: agone chagada mphindi zisanu, ayezedwe BP, kenako aimirire ayezedwenso pakatha mphindi imodzi ndiponso pakatha zitatu. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20, kapena ya pansi ndi 10, ndiye kuti magazi sakufika msanga kumutu akaimirira. N'chimene chimagwetsa okalamba ambiri akamadzuka usiku kupita kuchimbudzi, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi mankhwala a BP omwewo kapena kusamwa madzi okwanira.

Akwerenso sikelo, nambala ilembedwe. Munthu wa makilogalamu 60 akataya atatu m'miyezi 6 popanda chifukwa chodziwika, dokotala adziwe. Kukumbukira kumayesedwa mwachidule: kuwauza mawu atatu, kuwapempha ajambule wotchi yoonetsa nthawi inayake, kenako kuwafunsa mawu aja. Kulephera sikutanthauza kuti ali ndi matenda oiwalaiwala, kumangosonyeza kuti akufunika kupimidwa mokwanira. Chifukwa cha shuga, avule nsapato aonedwe mapazi, pakati pa zala ndi kuchidendene, poti chilonda cha wodwala shuga chimatha kukula iye osamva kuwawa.

Chomaliza ndi nyumba. Woyang'anirayo ayende yekha njira yochokera pabedi kufika kuchimbudzi, aone kuwala kwake usiku, timakapeti toterera, zingwe za magetsi zodutsa pansi, ndi kutalika kwa bedi. Chogwirira cha m'bafa chikhomedwe kukhoma ndi masikuluwu. Chopachikapo thaulo sichinyamula munthu, chimazuka. Atsegulenso posungira chakudya. Zakudya zowonongeka kapena zosakhudzidwa zimaulula zambiri kuposa mafunso.

Zonsezi zituluke papepala, ndi manambala ake ndi tsiku lake. Lipoti longoti "mayi ali bwino" mulibe chimene mungayerekeze nacho mwezi wamawa.

WaKuFamase wayankha:

Ndiwonjezere pa mankhwala, chifukwa mitundu 6 ndi yambiri. Kuyambira pa mitundu isanu, mwayi woti mankhwala alimbane m'thupi kapena abweretse chizungulire umakula.

Tsiku loyambalo mankhwala onse a m'nyumba aikidwe patebulo limodzi: a kuchipatala, ogula okha, akale otsala m'kabati, mavitamini, azitsamba, ngakhale odontheza m'maso. Zolakwika zimene zimapezeka kawirikawiri ndi izi. Mankhwala amodzi omwewo amabwera m'mapaketi a mayina awiri osiyana, munthu n'kumamwa onse, ndiye kuti akumwa kawiri. Dokotala wina analetsa mankhwala, koma paketi yakale ikadali pa tebulo ndipo ikumwedwabe. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, ogulidwa popanda kufunsa, amakweza BP, amavulaza impso ndipo amatha kutulutsa magazi m'mimba, makamaka kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin. Mankhwala ogonetsa monga diazepam amachulukitsa kugwa. Ndipo wa shuga amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini, akadumpha chakudya shuga amatsika kwambiri: thukuta, kunjenjemera, kubalalika, kenako kugwa. Mayi ogwa kawiriwa ayezedwe shuga m'mawa asanadye kwa masiku angapo, manambala apite kwa dokotala.

Woyang'anira asaimitse mankhwala payekha. Alembe mndandanda umodzi wokhala ndi dzina la mankhwala, mlingo, nthawi yomwera ndi chifukwa chake, apite nawo kwa dokotala kapena kufamase ukaunikidwe. Pepala limodzi likhale pakhoma, lina m'chikwama cha mayi. Kabokosi kogawiramo mapilitsi a masiku 7 kamathandiza, koma kadzazidwe ndi munthu mmodzi yekha, tsiku lomwelo sabata iliyonse, ndipo pa ulendo uliwonse mapilitsi otsala awerengedwe. Otsala akachuluka ndiye kuti akuiwala kumwa. Akatha msanga ndiye kuti akubwereza, ndipo izi ndizo zoopsa kwambiri.

Nthawi yovuta kuposa zonse ndi sabata yotuluka m'chipatala, poti mankhwala amakhala asinthidwa koma akale akudikira kunyumba. Lembani mu mgwirizano kuti woyang'anira adzafika pasanathe masiku awiri kapena atatu mayi atatuluka.

MlangiziWaMabanja wayankha:

Anzangawa afotokoza bwino za thupi. Ine ndikhudze funso lanu lomaliza, a Mwanawachisamba, la kudziwa ngati ntchito ikugwirika.

Musanamulembe munthu, onani satifiketi yake ndipo mufunse nokha ku bungwe limene limalembetsa anamwino kapena a chisamaliro cha anthu m'dziko limene mayi akukhala. Lankhulani ndi mabanja awiri amene anawagwirirapo ntchito. Kenako mufunseni mosabisa: akusamalira anthu angati pakali pano, ndani amayankha foni usiku ndi pa tchuthi, ndani amalowa m'malo mwake akadwala, ndipo kodi amalandira kangachepe kuchokera ku kampani za osamalira kapena nyumba za okalamba zimene amatumizako anthu. Funso lomalizali ambiri amachita nalo manyazi, koma ndi lofunika. Wolandira kangachepe amakulozerani kumene iye apindule.

Mgwirizano ukhale wolembedwa. Unene ngati malipiro ndi a pa ola kapena a pamwezi, ngati nthawi ya panjira ndi ya pafoni ikuwerengedwa, maulendo angati pamwezi, lipoti lifika liti, ndi masiku angati ochenjezana musanasiyane. Banja lisankhe mwana mmodzi woti azilankhulana naye. Ana anayi akamapereka malangizo anayi osiyana, wosamalira amangosankha opepuka.

Pa ndalama lamulo ndi limodzi: wogwira ndalama asakhale yemwe akusamalira. Wosamalira asadziwe nambala yachinsinsi ya khadi la kubanki, asabwereke kwa mayi, asalandire mphatso zikuluzikulu. Ndalama zogulira zinthu zikhale zochepa, zamlingo wodziwika, malisiti asungidwe, wina wa m'banja aziwaona mwezi uliwonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 a zaka 60 kapena kuposa amachitidwa nkhanza za mtundu wina chaka chilichonse, ndipo nthawi zambiri wochita nkhanzayo ndi wodziwika, ngakhale wachibale. N'chifukwa chake woyang'anira azifika nthawi zina mosalengeza, ndipo azikhala ndi mphindi zocheza ndi mayi paokha, wosamalira atatuluka. Mabala osadziwika chiyambi chake, mayi kungokhala chete wosamalira akalowa, foni yawo kuyankhidwa ndi wina nthawi zonse: zimenezi zisanyalanyazidwe.

Chikalata chopatsa mwana mphamvu yoyendetsa ndalama kapena kusankha za chithandizo chimasainidwa mwini wake akadali ndi nzeru zonse. Mukadikira mpaka atayamba kuiwala, nkhani imakathera kukhoti. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, choncho onanani ndi loya tsopano lino.

Ndipo chonde, mayiwa asangouzidwa zimene ana agwirizana. Nyumba ndi yawo, thupi ndi lawo. Munthu wanzeru zake ali ndi ufulu wokana chithandizo ngakhale ana asakondwe. Ndondomeko zambiri zimagwa chifukwa mlendo anangofika m'nyumba mwini wake osafunsidwa, ndiye amamuthamangitsa sabata yoyamba. Yambani pang'ono, maola awiri kapena atatu, masiku awiri pasabata, pa ntchito imene iwo eni avomereza kuti ikuwalemera. Makamera m'nyumba asaikidwe popanda chilolezo chawo, ndipo kuchipinda ndi kubafa asalowe n'komwe.

Mwanawachisamba walemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Funso lotsala ndi ili: woyang'anirayo azifika kangati, ndipo tidzadziwa bwanji kuti kukhala okha sikukuthekanso?

NamwinoWaOkalamba wayankha:

Mwezi woyamba azifika sabata iliyonse, poti ndi pamene zolakwika zimaonekera. Zinthu zikakhazikika, kamodzi kapena kawiri pamwezi n'kokwanira, ndipo mayeso onse aja abwerezedwe pakatha miyezi itatu mpaka 6, komanso nthawi iliyonse akagwa kapena akagonekedwa m'chipatala.

Pakati pa maulendowo pakhale munthu wolankhula nawo tsiku lililonse pa nthawi yodziwika, ndi ndondomeko yolembedwa ya chochita foni ikapanda kuyankhidwa: aimbenso pakatha mphindi 15, ikalepherekanso wokhala pafupi amene ali ndi kiyi apite akaone. Chimene chimavulaza kwambiri si kugwa kokha koma kukhalitsa pansi. Wokalamba akakhala pansi kupitirira ola limodzi, thupi limazizira, madzi amatha, minofu yopanikizika imawonongeka n'kulemetsa impso. Kachipangizo koitanira thandizo kovala m'khosi kapena pamkono kamathandiza pokhapokha kakavalidwa, ndipo ambiri amakavula polowa m'bafa, malo amene amagwa kwambiri. Gulani kosalowa madzi.

Zina sizidikira ulendo wa woyang'anira. Kukamwa kupotoka, mkono kufooka kapena mawu kusamveka ndi zizindikiro za sitiroko, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Kumenyetsa mutu pogwa kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi n'chimodzimodzi, ngakhale akuoneka bwino. Ndipo mayi amene dzulo anali bwino koma lero akubalalika, sakuzindikira malo kapena akungogona, musati ndi ukalamba. Matenda oiwalaiwala amabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Kusokonezeka kwa maola ochepa kumachokera ku chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi, kudzimbidwa, shuga kapena mankhwala atsopano, ndipo kumachizika akafulumira nako.

Za malire a kukhala okha, gwirizanani tsopano mayi ali pompo, mulembe. Malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi awa: kusiya moto kapena mbaula yoyaka mobwerezabwereza, kutuluka n'kusochera, kulephera kudzuka okha pabedi kapena pachimbudzi, kulakwitsabe mankhwala ngakhale kabokosi kalipo, ndi kulephera kuitana thandizo akakhala pamavuto. Chimodzi mwa izi chikachitika, banja ndi woyang'anira akumane sabata yomweyo. Sikuti basi asamuke. Choyamba chimakhala kuwonjezera maola a masana, kenako wogona nawo usiku, ndipo wosamalira wogonera pompo amafunika tsiku lopuma ndi wolowa m'malo mwake, apo ayi amatopa n'kusiya ntchito mwadzidzidzi. Kusamuka kumabwera pamene maola ofunika apitirira zimene banja lingakwanitse kulipira kapena kulondola.